Kuphiri la Mulanje kuli eni ake

Ambirife tikati tikupita ku Mulanje timatanthauza kukajambulitsa pa Dziwe la Nkhalamba, kuotcha nyama ndi kukweza sipika mpaka madzulo. Ine ndikuona kuti pamenepo tikulakwitsa. Mu July 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse, kukhala lachitatu m'Malawi muno pambuyo pa Lake Malawi National Park ndi zojambula za m'mapanga a Chongoni. Analiikamo chifukwa cha chikhalidwe: Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe akhala akulilemekeza ngati mudzi wa mizimu ya makolo, kothirako nsembe mvula ikavuta. Dziwe lomwe tikutayamo mabotolo lija ndi amodzi mwa malo oterowo.

Mukhulupirire za mizimu kapena ayi, zimenezo n'zanu. Koma malangizo a akuluakulu akumeneko, akuti osasokosera, osayenda wekha, osapatuka panjira, ndi omwewo amene amabweza munthu wamoyo.

Tengani Sapitwa, nsonga yotalika mamita 3,002. Ulendo wake wabwino ndi wa masiku atatu kapena anayi. Mumalembetsa pa ofesi ya zankhalango ku Likhubula, n'kutenga wokutsogolerani ndi wonyamula katundu. Gwirizanani mtengo musananyamuke. Tsiku loyamba mumakwera njira ya Skyline kukagona ku kanyumba ka Chambe, lachiwiri kukafika ku Chisepo. Kuchoka pa Chisepo kukafika pansonga ndi maola atatu kapena anayi, kutsikanso chimodzimodzi, ndiye nyamukani kukangocha. Njirayo ndi yokwawa pamiyala yotsetsereka ndi kulowa m'mipata ya matanthwe. Chiperoni chikagwa, zomwe zimachitika kawirikawiri kuyambira May mpaka August, chifunga chimatseka m'kanthawi kochepa, zizindikiro za penti pamiyala osaonekanso, mwala n'kuyamba kuterera. Apa ndi pomwe anthu amasochera. Alendo awiri ochokera kunja, wina mu 2003 wina mu 2009, anapita okha kunsongako osabwerako amoyo. Wokutsogolerani akati tibwerere, bwererani, ngakhale nsonga ikuoneka pafupi.

M'tinyumba timeneti mumakhala mlonda, nkhuni ndi madzi. Chakudya, tochi, jekete lamvula ndi chofunda chochindikala nyamulani nokha, chifukwa mu June ndi July usiku kumagwa chisanu choumitsa zala. Nsapato ikhale ya mapazi ogwira, osati yatsopano (matuza tsiku loyamba lomwe). Nyengo ya dzinja mitsinje imadzaza mwadzidzidzi ngakhale pamene mwaimapo sipanagwe mvula, popeza imakhala yagwa kumtunda. Pa Dziwe la Nkhalamba napo, ulendo wa pafupifupi ola limodzi kuchoka ku Likhubula, madzi ake ndi akuya komanso ozizira kwambiri moti minofu imakokana. Pamirapo anthu. Mowa ndi kusambira pamenepo siziyenderana.

Amene miyendo siikulola akazungulire ku Phalombe akaone mabwinja a Fort Lister, linga lomwe Angerezi anamanga mu 1893 pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi pofuna kutseka njira ya ogulitsa akapolo. Ndi ochepa amapitako, pomwe mbiri yake ndi yaikulu.

Chondiwawa kwambiri ndi mkungudza. Mtengo umenewu ndi wa fuko lathu, ndipo mwachilengedwe umamera paphiri lokhali basi. Phirili lakhala nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927, koma ocheka matabwa ndi moto wolusa zaupulula, moti kafukufuku wa 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Mbande zikubzalidwa, inde, koma mkungudza umatenga zaka zambirimbiri kuti ukhwime. Ndiye wina akakutsatsani kabokosi konunkhira m'mbali mwa msewu, musagule. Ndalamayo muonjezere wonyamula katundu wanu.