Eni maloji a mu Lusaka, achinyamata sakugula matailosi anu

Maganizo anga ndi awa, ngakhale ndikudziwa kuti amalume ena amene anamanga maloji ndi ndalama za penshoni sagwirizana nane. Mlendo wa zaka 25 kapena 30 salipirira matailosi onyezimira, makatani olemera kapena TV yaikulu. Amalipira kuti foni yake isathe moto, intaneti isaduke, madzi otentha atuluke m'mawa, ndiponso kuti mtengo umene anauona pa foni ukhale womwewo akafika pa kauntala. Maloji ambiri a ku Roma, Chelstone, Avondale ndi Woodlands anamangidwa poganizira mlendo wina, bwana wobwera ku msonkhano amene ofesi yake ndiyo imalipira. Bwanayo akadalipo, koma Lachisanu ndi Loweruka zipinda zikudzazidwa ndi anthu olipira kuchokera m'thumba mwawo, ndipo amenewa amawerengera ngwee iliyonse.

Nkhani yaikulu ndi ya magetsi. Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi m'damu lopangira magetsi la Kariba, ZESCO, kampani ya magetsi ya Zambia, inafika pozimitsa magetsi maola oposa 17 pa tsiku, ndipo kuyambira pamenepo funso loyamba la mlendo pa WhatsApp ndi lakuti, malaiti akapita muli ndi chiyani? Eni maloji ambiri anathamangira kugula inveta, chipangizo chopereka magetsi kuchokera m'batire, n'kulumikiza nyumba yonse. Apa m'pamene pamalakwika. Chipinda chimodzi chokhala ndi mababu awiri a LED, fani, laputopu ndi foni chimadya mawati pafupifupi 130. Zipinda 8 zimangopitirira pang'ono mawati 1,000, kotero batire ya lithium ya 5 kWh ingazisunge maola anayi kapena kuposerapo pang'ono. Koma ketulo imodzi yokha imakoka mawati pafupifupi 2,000, giza 2,000 mpaka 3,000. Alendo awiri akangoyatsa maketulo nthawi imodzi, inveta ya 5 kVA imazima, nyumba yonse ili bii, ndipo mlonda sadziwa pomwe angadine.

Itanani wa magetsi agawe mawaya pawiri. Mababu, intaneti ndi soketi imodzi m'chipinda chilichonse zipite ku inveta, ndipo soketiyo muiike chizindikiro kuti mlendo aidziwe. Giza, ketulo ndi ayironi zitsale ku ZESCO. Madzi osamba atenthetsedwe ndi giza ya sola kapena ya gasi, a tiyi awire pa chitofu cha gasi n'kupita m'zipinda m'mafulasiki. Pampu ya pa chitsime izidzaza thanki masana dzuwa likuswa mtengo, osati usiku pa batire. Mukawerengera malita 120 pa mlendo aliyense, alendo 16 amamaliza malita pafupifupi 2,000 pa tsiku, ndiye thanki ya malita 5,000 ikusungani masiku awiri.

Pa intaneti vuto kawirikawiri si kampani imene mwalembetsako. Starlink, intaneti ya pa setilaiti, inafika m'Zambia mu 2023, intaneti ya waya wa faiba iliponso m'madera ambiri a mu mzinda, koma anthu amaika rauta imodzi, kabokosi komwaza Wi-Fi, pa risepushoni n'kulemba pa chipata kuti Wi-Fi ilipo. Makoma a mabuloko a simenti amadya siginolo, moti chipinda chachinayi kuchokera pa risepushoni chimangolandira fungo lokha. Kokani waya wa netiweki, muike kachipangizo komwaza Wi-Fi pa zipinda zitatu kapena zinayi zilizonse, zonse zikhale pa inveta. Poyesa, pitani m'chipinda chakumapeto, tsekani chitseko, muimbe foni ya vidiyo kwa mphindi khumi. Muikemonso tebulo ndi mpando wokhalika, pakuti ambiri mwa alendowa amabwera ndi ntchito yawo m'chikwama. Soketi ikhale pafupi ndi bedi, osati kuseri kwa wadiropu (amisiri athu amaikonda kumeneko, kaya n'chifukwa chiyani).

Kenako mtengo. Wachinyamata saimba foni kufunsa, amalemba uthenga ku maloji atatu nthawi imodzi ndipo amapita kwa amene wayamba kuyankha ndi mtengo wathunthu. Ngati pamwamba pa mtengo wa chipinda mukuonjezera VAT ya 16 peresenti ndi msonkho wa zokopa alendo wa 1.5 peresenti, zinenereni limodzi pachiyambi. Kumuuza K800 pa foni kenako n'kumupatsa bilu yokwera pa kauntala ndiko kumabala nyenyezi imodzi pa Google, ndipo ndemanga imeneyo imakhalapo zaka. Booking.com, tsamba la pa intaneti losungitsirapo zipinda, imatenga pafupifupi 15 peresenti, kutanthauza K120 pa chipinda cha K800. Ndalamayo si yotayika ngati mlendoyo ndi watsopano, koma akabweranso kachiwiri kudzera komweko, mwalephera ndinu, chifukwa munayenera kumupatsa nambala ya loji ndi mtengo wotsikako pang'ono. Amene ali pa Booking.com ndi Airbnb nthawi imodzi alumikize makalendala awiriwo, ndipo wosungitsa chipinda pa WhatsApp azilembedwa m'kalendala nthawi yomweyo, apo ayi chipinda chimodzi chidzagulitsidwa kawiri. Pa Airtel Money ndi MTN MoMo, uzani wa pa kauntala kuti aziona balansi pa foni ya loji, asamakhulupirire uthenga umene mlendo akumuonetsa. Malo a loji pa Google Maps akhale olondola, poti dalaivala wa Yango, takisi yoitanitsa pa foni, amatsata mapu, sadziwa za mtengo wa mango wa pa kona.

Mpikisano woopsa sukuchokera ku mahotela akuluakulu. Ukuchokera ku mafulati okhala kale ndi mipando a ku Kabulonga, Ibex Hill ndi Mass Media. Anzake anayi amagawana fulati ya zipinda ziwiri, amaphika okha kapena kuitanitsa chakudya, ndipo aliyense amalipira zochepa kuposa chipinda cha loji. N'chifukwa chake kuphatikiza chakudya cham'mawa mu mtengo wa chipinda kukuthawitsa anthu. Chipatuleni, wofuna alipire. Masana anthuwa akapita kukadya nsima ya nkhuku ya kumudzi ndi chikanda ku matebeto, malo odyera zakudya zachikuda, sakhalira soseji ya m'firiji mwanu. Pano ndiwaikire kumbuyo eni maloji: lamulo la Tourism and Hospitality Act la 2015 limafuna kuti malo ogona alendo akhale ndi laisensi, ndiye si chilungamo kuti wina azilipira misonkho pamene mnzake wa fulati akuchita malonda omwewo mwakachetechete. Achinyamata nawonso si angelo. Amalembetsa anthu awiri, pofika 22 koloko m'chipinda muli khumi ndi sipika. Lembani chiwerengero cha ogona, tengani chitupa cha NRC kapena pasipoti ya aliyense, landirani dipoziti yobwezedwa potuluka, ndipo lamulo la phokoso litumizidwe pa WhatsApp asanalipire.

Chotsala ndi nthawi yofikira. Lamulo lakuti chipinda chimatsegulidwa 14 koloko linapangidwira munthu wa galimoto yake. Wochokera ku Chipata kapena ku Lilongwe kudzera pa Mwami amatsika pa siteshoni ya mabasi ya Intercity nthawi imene basi yafuna, nthawi zina usiku, ndipo wopita ku Livingstone kapena ku Siavonga amanyamuka mbandakucha. Mlungu wa mwambo wa Nc'wala mu February ndi wa mwambo wa Kulamba mu August anthu otere amachuluka pa Great East Road. Mlonda wa usiku akhale ndi mndandanda wa oyembekezeredwa ndi makiyi awo m'maenivulopu, pakhale kachipinda kokhoma kosungiramo zikwama, ndipo wofika m'mawa chipinda chisanakonzedwe muzimulola kusamba pa mtengo wochepa wolembedwa poyera.