Abambo, nkhawa mukubisazo zikukudyani m'kati

Abambo inu, ndi inunso anyamata amene mwangolowa m'banja, tamverani kuno. Khalidwe lomangoti "ndili bwino, mwamuna salira" mavuto atakufikani m'khosi likutimalizira anthu. Fizi ya ana, lendi, katapila amene akubereka mwezi ndi mwezi, zonsezo mwasenza nokha, ngakhale mayi akunyumba sakudziwa.

Pakamwa mungatseke, koma thupi simungalinamize. Munthu akakhala ndi nkhawa, thupi limatulutsa m'magazi timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol. Mtima umagunda mothamanga, mitsempha ya magazi imafinyika, shuga amakwera m'magazi. Zimenezi n'zothandiza pothawa ngozi ya kanthawi, osati kukhala nazo miyezi yathunthu. Zikakhalitsa, BP imakwera, tulo timasowa, m'mimba mumaotcha.

Ndiye taonani zimene mumachita. Pakati pa usiku muli maso, kuwerenga malata. Kukacha, Panado awiri a pa okala. Madzulo kachasu ndi fodya, ati kuiwala mavuto, chonsecho zinthu ziwirizi n'zimene zikuwonjezera moto pa mtima womwewo. Mphamvu zikachepa kuchipinda mumathamangira gondolosi, osadziwa kuti nkhawa, shuga ndi BP zimafoola mwamuna. Kuchipatala kokha ndiye ayi, mumati n'kwa amayi ndi ana. Uchitsiru umenewo!

Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu alionse m'Malawi muno ali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Matendawa nthawi zambiri sapweteka. Munthu amayenda, amaseka pa bawo, tsiku lina n'kungogwa kubafa, kamwa yapotoka, mkono ndi mwendo zafa. Achibale n'kuyamba kuloza azakhali okalamba kuti amulodza. Asiyeni agogowo, imeneyo ndi sitiroko.

Pitani mukayezetse. M'zipatala za boma kuyeza BP n'kwaulere ndipo sikutenga nthawi. Ikamafika 140/90 kapena kuposa, mverani adokotala, chepetsani mchere ndi mowa, ndipo mankhwala musasiye chifukwa choti mukupezako bwino. Za ngongolezo auzeni akazi anu, m'bale wanu kapena abusa. Maganizo akakula mpaka kulakalaka kudzipha, musadikire kuti kuche: uzani munthu pompo, akuperekezeni kuchipatala. Ku chipatala chothandiza pa matenda a maganizo cha St John of God, ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, kuli alangizi a ntchito imeneyi.