Ugemu ku Malawi, Zambia ndi Mozambique: ntchito ili pati, milandu imafera pati

Tikanena za chilango, Malawi ndiye wa dzanja lolemera. Chikonzereni lamulo la zinyama mu 2017, wopezeka ndi minyanga ya njovu, nyanga ya chipembere kapena ngaka akhoza kukaseweza zaka zofika 30, popanda zolipira chindapusa. Ku Mozambique malire ndi zaka 16. Zambia, m'lamulo lake la 2015, inamanga majisitireti manja: wolakwa koyamba salandira zaka zochepera 5, ndipo sizipitirira 10. Ife tikuona kuti njira ya Zambia imaluma kwambiri, chifukwa zaka 30 zija sizigwa wamba, pomwe zaka 5 palibe pozembera.

Pa mwayi wa ntchito Zambia yemweyo akutiposa. Mapaki ake azunguliridwa ndi madera 36 otchedwa GMA, momwe anthu amakhala pamodzi ndi nyama, ndipo makomiti a m'midzi, ma CRB, amalemba okha achinyamata a komweko kukhala masikauti. Vuto ndi lakuti malipiro awo amadalira ndalama za alenje olipira chilolezo. Zikachedwa kuchoka ku Lusaka, sikauti amatha miyezi ali chimanjamanja, pamenepo wa minyanga akubwera ndi kangachepe. Kwathu kuno dimba limathera pa waya wa paki, choncho ntchito ndi zochepa: nthambi ya boma yoona za mapaki ndi zinyama (DNPW), bungwe la African Parks ku Majete, Liwonde ndi Nkhotakota, ndi mabungwe ngati Lilongwe Wildlife Trust. Khomo la ambiri ndi koleji ya zankhalango ndi zinyama ku Dedza. Wofuna sayansi yozama ayang'ane ku paki ya Gorongosa ku Mozambique, komwe kuyambira 2018 amaphunzitsa digiri yachiwiri mkati mwa paki momwemo, koma Chipwitikizi chikhale pakamwa.

Chomwe mayiko atatuwa akusowa kwenikweni si wonyamula mfuti ayi, koma wodziwa kusamala umboni. Minyanga ikagwidwa iyenera kujambulidwa pomwepo isanasunthidwe, uliwonse upimidwe pasikelo, uyezedwe kutalika, ulembedwe nambala yosafufutika, ndipo aliyense woulandira asainire tsiku ndi nthawi. Makilogalamu a pa chikalata cha polisi akasiyana ndi a pa chikalata cha katswiri wotsimikiza kuti ndi njovudi, loya wa woimbidwa mlandu wapeza podyera. Foni ya wogwidwayo isatsegulidwe mwachisawawa. Ndi mmene muli dzina la bwana wotuma, ndipo ndi kutsata maunyolo otere komwe kunafikitsa Yunhua Lin, mkulu wa gulu lozembetsa nyanga za zipembere wochokera ku China, pa chigamulo cha zaka 14 ku Lilongwe mu 2021.

Ngaka yamoyo ndiye imavuta zedi. Imafika italala ndi ludzu m'thumba kwa masiku, sidya za m'mbale, imafuna kuyendetsedwa kutchire maola angapo tsiku lililonse kuti idzifukulire nyerere ndi chiswe. Mukaisunga kupolisi kudikira tsiku la khoti, imafa. Wodziwa ntchito amaipima, amaijambula, amapeza lipoti la dotolo wa zinyama tsiku lomwelo, kenako n'kupempha khoti kuti zithunzi ziimire nyamayo.

Malire nawo ali ndi zawo. Mgwirizano wa Malawi ndi Zambia wa 2015 unalumikiza mapaki a Kasungu ndi Lukusuzi, Nyika ndi North Luangwa, koma mlandu umazengedwa ndi lamulo la dziko lomwe munthu wagwidwira, ndiye ozembetsa amasankha mbali yowolokera. Njovu 263 zomwe zinasamutsidwa ku Liwonde kupita ku Kasungu mu 2022 sizinafunse pasipoti. Alimi a mbali zonse ziwiri adandaula za chimanga ndi miyoyo. Kumeneko kukufunika anthu otha kuwerenga makolala a GPS, kulowetsa malipoti a olondera mu pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa SMART, ndi kukhala pansi ndi mfumu n'kuuza mudzi kuti gulu la njovu lagona mbali iti usiku wathawu.