Namgumi wovina uja wandikumbutsa pusi wa pa Boma

Dzulo mwana wa achemwali anga wabwera ndi foni akuthamanga. "Amalume, taonani chinsomba chikuvina!" Chinyama chakuda pamsana, choyera kumimba, chikudumpha m'dziwe la simenti, azungu ali m'manja phuphuphu. Ndamuuza kuti si nsomba imeneyo, ndi namgumi wa mtundu wa orca, amapuma mpweya ndipo amayamwitsa ana. Iye wangoseka, koma ine mtima wandiwawa.

Tili ana, pa resitihausi ina pa Boma pano pa Kasungu panali pusi womangidwa unyolo m'chiuno, pansi pa mtengo wa mango. Tikaweruka kusukulu tinkamuponyera mtedza kuti atigudubukire. M'chiuno muja ubweya udatha, padali chilonda chosapola, ntchentche zili ng'waa. Ankangozungulira mtengowo mpaka pansi padakumbika kanjira. Ife tinkati akusewera.

Kunyanja orca amatha kusambira makilomita 160 tsiku limodzi. Ndiye kuti kuchoka pano kukafika ku Lilongwe n'kupitirira. Amayenda ngati mbumba, wotsogolera ndi mayi, monga timachitira ife Achewa. M'magulu ena mwana wamwamuna sasiyana ndi amake mpaka imfa, ndipo banja lililonse lili ndi kaliridwe kake. Nyama yotere n'kuitsekera m'thanki?

Wina dzina lake Lolita adamugwira mu 1970 ku Penn Cove, ku America. Adakhala ku Miami Seaquarium, malo oonetserako nyama za m'madzi, zaka 53, m'thanki lakuya mamita 6 okha, pafupifupi kutalika kwa thupi lake lomwe. Adafera momwemo mu Ogasiti 2023, anthu akali kukambirana zomubwezera kwawo. Winanso dzina lake Tilikum adamulanda kwa amake kufupi ndi Iceland mu 1983, ali ndi zaka ziwiri. Mu Febuluwale 2010 adakokera m'madzi mphunzitsi wake, Dawn Brancheau, ku malo enanso otere a SeaWorld ya ku Orlando, mayiyo n'kumwalira. Anthu adati namgumi wapenga. Ine ndimati zaka 27 akuzungulira makoma a mathanki, mumati atani?

Ndikudziwa ena muyamba kale kulemba kuti chimanga chadula, feteleza sakugulika, iwe ukulirira chinyama cha kunyanja chomwe sudachionepo. Chabwino. Inetu sindikonda nyama kuposa anthu. Mbuzi ndimapha pa Khirisimasi, ndipo njovu za m'paki zikalowa m'munda mwa abale anga, usiku wonse timakhala tikuimba zitini. Koma mbuzi timaiphera njala, njovu timaithamangitsira chakudya chathu. Namgumi uyu amuzunza zaka makumi kuti munthu wokhuta kale aombe m'manja atagula tikiti.

Eni malowa amati nyamazi zimadya bwino, zili ndi madokotala, ndipo ana amaphunzirapo. Amaphunzira chiyani? Mphwangayu waphunzira kuti ndi nsomba yovina. Eni akewonso adagonja pang'ono: SeaWorld idasiya kubereketsa ma orca mu 2016, ndipo Canada idakhazikitsa lamulo loletsa kusunga anamgumi atsopano mu 2019. Koma omwe adali kale m'mathanki sadawatulutse.

Pusi ujanso ankadya bwino, nthochi sizinkamusowa. Tsiku lina adaluma mnzathu padzanja mpaka kupita naye kuchipatala. M'mawa mwake tidangopeza unyolo wokha uli lende pamtengo.