Amatilemba ntchito ndi mawu, pasipoti n'kutsekera m'chikwama

Lachisanu lapitali, pa famu ina ya malalanje ku Limpopo m'dziko la South Africa, anyamata a kwa Mbenje ndi kwa Mlolo anaima pamzere kudikira malipiro a sabata ziwiri zotsekera nyengo. Dobadoba amene anawabweretsa sanatsike n'komwe m'galimoto. Anangoti mwini famu sanapereke ndalama, ndipo amene akufuna kulongolola apite kupolisi akaonetse masiku a m'pasipoti mwake. Chonsecho mapasipotiwo ali m'chikwama cha iye yemweyo kuyambira mu Epulo. Amuna aakulu, eni mabanja, anabalalika osayankha. Abale anga a ku Chigwa cha Shire, zimenezi zandiwawa.

Za kudzuka usiku, za kugona anthu khumi m'kachipinda ka malata, za kutchedwa makwerekwere, sindikuuzani, mukuzidziwa. Ndikufuna tinene za mmene amatitengera. Mwini famu masiku ano salemba munthu wa ganyu yekha. Amaimbira dobadoba kuti Lolemba ndikufuna anthu akutiakuti, n'kumalipira dobadobayo pa ola lililonse la munthu aliyense. Zotsala pakati pa ndalama imeneyo ndi imene imafika m'manja mwako ndiye phindu lake. Ndiye chifukwa chake amatiwerenga mitu ngati ng'ombe pamsika wa ku Ngabu, dzina lako alibe nalo ntchito. Dobadobayo ali ndi munthu wake kumudzi, nthawi zambiri mwana wa kwathu konkuno, amene amatolera mayina pa WhatsApp n'kulandira yake pa mutu uliwonse. Kenako pali wa thiransipoti, amene amakunyamula pangongole kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge. Usanagwire ntchito ngakhale tsiku limodzi, anthu atatu adya kale pa iwe.

Ndipo kalendala amaidziwa kuposa ife. Malalanje a ku Limpopo ndi Eastern Cape amathyoledwa kuyambira cha mu Epulo mpaka Seputembala. Nzimbe za ku Komatipoort, Malelane ndi KwaZulu-Natal zimadulidwa kuyambira Epulo mpaka cha mu Disembala. Mphesa za ku De Doorns zimafuna manja kuyambira kumapeto kwa chaka mpaka Epulo. Pakati apo amakuponya ku zomangamanga kapena kolondera. Munthu wa ku Nchalo amamufuna kwambiri ku nzimbe chifukwa chikwanje anachizolowera, amadziwa kudula pansi penipeni pomwe pali shuga, kusadza nsonga ndi kuunjika bwino, komanso dzuwa silimugwetsa. Luso limenelo salipira. Amalipira pa mzere kapena pa tani, sikelo ili kufakitale kumene iwe sufikako, ndipo nambala imene kapitawo wanena ndi yomweyo.

Ku malalanje amawerenga matumba. Chipatso sachithyola chili chonyowa chifukwa khungu limachita mawanga, choncho tsiku la mame ambiri kapena la mvula mumakhala pansi mpaka dzuwa likwere, maola amenewo osalembedwa. Ukasiya kaphesi katali kamabaya zipatso zinzake, thumba lonse amalikana. Komatu lamulo la dzikolo likuti munthu akagwira ntchito maola osakwana 4 pa tsiku alipidwe a maola 4. Likutinso ngakhale muzilipidwa pa thumba, ndalama isatsike pansi pa malipiro ochepetsetsa, amene mu Malichi 2025 anaikidwa pa R28.79 pa ola, wa pafamu chimodzimodzi ndi wina aliyense. Pa mtengo umenewo, sabata ya maola 45 inali pafupifupi R1,295. Za nyumba saloledwa kudula kuposa 10 peresenti, za chakudya chimodzimodzi. Dobadoba amadula za galimoto yopita kumunda, za nsapato, za magolovesi, za magetsi, n'kudulanso 1 peresenti ya UIF, thumba la boma lothandiza amene ntchito yawathera, pomwe dzina lako sanakalembetse kulikonse. Pepala la malipiro sapereka, amangokupatsa envulopu. Lamulo la 2014 limaletsanso kampani yopezera anthu ntchito kulipiritsa wofuna ntchitoyo, koma mayi akugulitsa mbuzi kwa Tengani kuti mwana alembedwe.

Zonsezo munthu ukhoza kulimbana nazo pasipoti ili m'thumba mwako. Vuto ndi limenelo. Mmalawi akalowa mu South Africa amamudindira masiku 30 ocheza, osati ogwira ntchito. Dobadoba amati bweretsani ndikakukonzereni pemiti. Alibe pemiti yoti akonze. Akungodikira kuti masiku 30 adutse, chifukwa kuyambira tsiku limenelo sungathawe, sungadandaule, sungapite kwa mlimi wina amene akulipira bwino. Ukapitirira nthawi imene anakudindira ndi masiku osakwana 30, pa boda amakuletsa kulowanso chaka chimodzi. Ukapitirira kuposa apo, zaka 5. Ena amawabwezera pasipoti ili ndi chidindo chabodza, akafika pa Beitbridge kompyuta n'kukana, mlandu n'kukhala wa mwini pasipoti. Ndipo taonani nthawi imene apolisi amatulukira pa makomboni: nyengo ikutha, malipiro omaliza asanaperekedwe. Wogwidwa ndi wothyola malalanje, ulendo wa ku Lindela ku Krugersdorp, kumene amasungako alendo oti awabweze kwawo. Lamulo limati wolemba ntchito munthu wopanda mapepala nayenso ndi wolakwa, koma amene amakwera galimoto ya apolisi ndi ife.

Agogo athu ankapita kumigodi ya ku South Africa ndi Wenela ndi Theba, mabungwe amene ankalemba anthu ntchito. Sindikuyamikira nthawi imeneyo, migodi inawabweza ndi chifuwa, ndipo mu 1974 ndege inagwa ku Francistown n'kupha a Malawi oposa 70. Koma kontirakiti inalipo, ndalama ina ankaisunga kuti ukalandirire kwanu, ndipo tsiku lobwerera linkadziwika. Chitsekereni Theba mu 1988, msika wonsewu unagwera m'manja mwa anthu a foni ndi chikwama. Akuluakulu aboma amayankhula mokweza za achinyamata opita ku minda ya ku Israel, amene anayamba kunyamuka mu Novembala 2023, koma za anthu amene amadutsa pa Mwanza tsiku ndi tsiku kapena kuwoloka pa Marka kukadula nzimbe ku Mozambique simuwamva. Lamulo loletsa kuzembetsa anthu tili nalo kuyambira 2015, olemba mayina aja akuyendabe poyera pa Bangula.

Ifenso tili ndi mlandu. Timajambulitsa titatsamira galimoto ya bwana n'kuika pa Facebook, mng'ono wathu kumudzi n'kusiya sukulu. Mnzathu akakana R150 pa tsiku, ife timavomera R120. Timadana ndi a ku Zimbabwe ndi a ku Lesotho pa mzere wa ganyu, monga anamenyanirana okhaokha ku Robertson mu 2022, pomwe amene akutisiyanitsa mitengo ndi mmodzi. Wa kwathu akangopatsidwa ukapitawo, ndiye woyamba kusunga mapasipoti a anzake. Ndipo timaopa CCMA, bungwe lomva madandaulo a antchito, chonsecho khoti la zantchito linagamula kale mu 2008 kuti mlendo wopanda pemiti ndi wantchito ndithu, akhoza kudandaula. Ku CCMA salipiritsa. Ukachotsedwa ntchito uli ndi masiku 30 okha okadandaula, ndipo umboni ndi kope lako: tsiku, ola loyamba, ola lowerukira, matumba, dzina la famu, nambala ya galimoto. Komanso ukagwira pamalo amodzi kupitirira miyezi 3 kudzera mwa dobadoba, lamulo limakutenga ngati wantchito wa mwini famuyo. N'chifukwa chake amakusamutsa miyezi itatuyo isanakwane.

Palibe amene anachoka ku Chigwa chifukwa chodana ndi kwawo. Madzi a 2015, a namondwe Ana mu 2022 ndi a namondwe Freddy mu 2023 anakwirira madimba ndi mchenga, thonje silikubweza ndalama ya mankhwala, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ku Nsanje anthu afika podya nyika. Mwana akamanyamuka amakhala akufuna malata ndi fizi, si uchitsiru. Koma inu amayi, inu amalume, inu a nyakwawa, musagulitse ng'ombe musanamve dzina la famu, malipiro a pa ola ndi mtundu wa chilolezo, zolembedwa papepala. Mwana ajambule tsamba la pasipoti asiye kunyumba, ndipo mumuuze pamaso pa wolemba mayinayo kuti buku limenelo sapatsa munthu. Mwana akamwalira ku South Africa, foni ya dobadoba imazima, amasonkha ndalama yotumizira maliro ndi anzake othyola malalanje omwewo.

Achimwene amene pasipoti yanu yagwidwa, pitani ku ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria kapena ku Johannesburg mukapemphe chikalata choyendera chadzidzidzi. Kubwerera wopanda katundu si manyazi. Ana anu akufuna inuyo, ndipo mvula yoyamba isanagwe mundawo ukufunika munthu woti ausose.