Chenjezo kwa inu ong'amba bokosi la mpweya pa njinga zamoto

Anyamata a kabaza, ndi inu amakaniko a pansi pa mtengo amene mukuwalimbikitsa, tatcherani khutu. Mchitidwe womachotsa bokosi la mpweya pa njinga, n'kumangapo kafyuluta kofiira konga chikho kuti njinga izibangula, ukutha mainjini anu mwakachetechete. Kubangulako si mphamvu ayi. Ndi mpweya umene ukungolowa popanda choutchinga, ndipo fumbi likulowa nawo limodzi.

Injini ya petulo ili ndi muyeso wake: pafupifupi magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. Amene adapanga Boxer, Lifo kapena TVS yanuyo adasankha kukula kwa jeti ya m'kabureta, kabowo kamene petulo amadzeramo, akudziwa kuti mpweya uzidzera m'bokosi lija. Inu mukalichotsa, mpweya umachuluka, jeti ili yomweyo, ndiye injini imayaka ndi njala ya mafuta. Moto woterowo umatentha mopitirira, chonsecho injini zimenezi zilibe madzi, zimazizira ndi mphepo yokha. Tsono kwezani matumba awiri a chimanga, muyambe chitunda masana a mu Okutobala. Valavu ya ekizosi imapsa m'mphepete, pamwamba pa pisitoni pamayamba kudyeka, ndipo tsiku lina pamabowoka muli pakati pa ulendo.

Njinga siifa osadandaula, inu ndinu simumva. Mukapotoza mafuta mwadzidzidzi imatsamwa kaye isanathamange. Mukasiya mafuta potsetsereka ekizosi imalira pha! pha! pha! ndipo ena mumasangalala nazo, mukuyesa ndi ukatswiri. Paipi ya ekizosi pafupi ndi injini imasanduka yabuluu. Mboni yosanama ndi pulagi. Ithamangitseni njinga mphindi khumi pa liwiro labwino, muizimitse nthawi yomweyo osaisiya ikulira poima, idikireni izizire, mumasule pulagi. Nsonga ikakhala yoyera mbuu ngati ufa woyera, mafuta akuchepa. Ikakhala yakuda ndi mwaye, mafuta achuluka. Yabwino imaoneka ngati tiyi wamkaka.

Ngati mwaumirira kafyuluta kanuko, gwirani ntchito yonse, osati theka. Jeti yaikulu ikwezedwe pang'onopang'ono: ngati inali 95 yesani 98, kenako 100, mukuyang'ana pulagi pa sitepe iliyonse. Kagoli ka pa singano ya m'kabureta katsitsidwe mzere umodzi kuti singanoyo ikwere, mafuta awonjezereke pa liwiro lapakati. Sikuluwu yosakanizira muitseke mofatsa, osakanikiza chifukwa nsonga yake imathyoka, kenako muibweze maulendo awiri kapena kamodzi ndi theka, n'kumasintha mpaka injini izilira mosadukiza. Musasinthe zitatu zonsezi nthawi imodzi, simudzadziwa chimene chakonza ndi chimene chaononga. Palinso kapaipi kopumira injini kamene kankalowa m'bokosi lija. Ambiri mumangokasiya lendee, kukamwa kwake kuli kufumbi. Ndipo mukatha zonsezi pa njinga ya 125 kapena 150, mphamvu imene mwapindula ndi yoti simungaimve n'komwe, pamene petulo akutha msanga kuposa kale. Mvula ikagwa, kachikho kali pamtunda kaja kamayamwa madzi, njinga n'kuzima pakati pa matope.

Fumbi la misewu yathu ndi mchenga wosalala. Likalowa m'silinda limasakanikirana ndi oyilo n'kumapala malingi ndi khoma la silinda ngati sandipepa. Pakapita miyezi yochepa utsi wabuluu wayamba, oyilo akutha sabata iliyonse, m'mawa mukuponda kiki kakhumi. Fyuluta yachinkhupule imatsukidwa ndi parafini kapena madzi a sopo, iume bwinobwino, muidontheze oyilo pang'ono n'kuifinya m'manja, osaipotokola. Youma yopanda oyilo siigwira fumbi. Yapepala siitsukidwa ndipo siithiridwa oyilo. Igogodeni fumbi lichoke, ikada kwambiri gulani ina. Pisani chala m'kati mwa mpira wolumikiza bokosi ndi kabureta. Chikatuluka ndi fumbi, penapake pakudontha mpweya, mangani bwino kapena sinthani mpirawo.

Za okiteni nazonso mwanamizana mokwanira. Nambala ya okiteni ya petulo, monga 93 kapena 95, siinena kuti mafutawo ali ndi mphamvu zochuluka bwanji. Imanena kuti mafutawo amapirira bwanji kupanikizidwa asanaphulike okha. Injini zothamanga zopanikiza kwambiri ndizo zimafuna nambala yaikulu. Njinga za ntchito izi zimapanikiza pafupifupi 9 kwa 1, ndipo kuzithira nambala yoposa imene buku lake likunena ndi kungotaya ndalama. Abale athu oyendetsa njinga zoperekera katundu ku Johannesburg amapeza 93 ndi 95 pa pampu. Mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 1,700, mpweya ndi wopepuka, choncho 93 imakwanira injini zambiri zazing'ono. Ku Durban ndi ku Cape Town, m'mphepete mwa nyanja, amagulitsa 95. Timabotolo tokwezera okiteni tija sitingasandutse njinga ya kabaza kukhala yampikisano.

Kuno kwathu pa pampu palibe chosankha, petulo ndi mmodzi, wosakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Choopsa chili m'mabotolo ndi m'zigubu za m'mbali mwa msewu, makamaka mafuta akasowa. Si onse ogulitsa amene amachita chinyengo, koma wina akathiramo parafini kuti malita achuluke, okiteni imagwa pansi kwambiri. Apo mudzamva kaphokoso ngati timiyala m'chitini mukamakwera chitunda pa giya yaikulu. Ndi mafuta akuphulika nthawi yake isanakwane, akumenya pisitoni ngati nyundo. Bwezani giya, chepetsani mafuta, ndipo mukafika khuthulani thanki. Parafini wosapsa amatsukanso oyilo pa khoma la silinda n'kutsikira pansi kukasungunula oyilo yense, ndiye naye asinthidwe. Safunsa adadya phula: musanathire, donthezani pang'ono pa pepala loyera. Petulo weniweni amauma msanga osasiya banga, wa parafini amasiya banga lamafuta. Thirani wina m'botolo lagalasi akhazikike. Madzi akakhalamo amakhala pansi, mzere wake umaoneka.

Ethanol amakoka chinyezi, choncho mpira wa pa chivundikiro cha thanki ukhale wamoyo, ndipo nthawi ya dzinja muzimasula kasikuluwu ka pansi pa kabureta madzi atuluke. Ethanol amachepetsanso pang'ono mafuta m'muyeso uja wa mpweya ndi petulo, kotero njinga yochotsedwa bokosi imakhala ndi njala pawiri.

Kumbukiraninso malo amene mwakonzera kabureta. Ku Dedza n'kumtunda, pafupifupi mamita 1,600, mpweya ndi wochepa. Njinga yokonzedwa kumeneko ikatsika ku Chikwawa kapena ku Nsanje, kumene dziko lili pansi ndipo kutentha kumapitirira madigiri 40, imakoka mpweya wambiri pa jeti yomweyo. Mukafika kumunsiko masulani pulagi muione musananyamule katundu woyamba.