Eni maboti, mlongoti wopanda ethi mukufuna uphe ndani?

Nkhani yochokera ku Mangochi yandiwawa mtima. Mphenzi yagwera boti la matanga la bambo wina wa muno mu Blantyre. Yatsika ndi mlongoti, ndipo itasowa potulukira yabowola pansi, madzi n'kuyamba kulowa ana ali momwemo. Apulumuka mwa chisomo cha Mulungu basi. Ndiye mwini wake akuti wina wachita kumutumizira!

Wakutumizirani ndani, achimwene? Mwaimika nokha chitsulo chotalika kuposa nyumba pakati pa nyanja, popanda mtengo kapena phiri pafupi, dzinja lili mkati, kenaka muziloza mfiti?

Ndalama za penti wonyezimira muli nazo. Za mafuta a galimoto yokoka boti kudutsa Zomba ndi Liwonde muli nazo, za zakumwa osanena. Koma ethi yotsitsira mphenzi m'madzi, yomwe ndi waya wakopa wonenepa, wochoka patsinde pa mlongoti kutsika molunjika mpaka pa chimbale chakopa chokhudza madzi kunsi kwa boti, pamenepo ndiye mwayamba kulira kudula. Wina ndinamuona atamangirira kawaya ka magetsi a m'nyumba, kopindapinda ngati chingwe cha mbuzi, ati ethi ndi imeneyo. Mphenzi ikhota nawo makona amenewo? Imadumpha n'kulowa mwa amene wakhala pafupi. Wina chimbale anachipaka penti. Wina anyamata anamusolola kopa yense kukagulitsa kwa a sikirapu, iye chaka chonse osawerama n'komwe kuti ayang'ane.

Ndipo lekani kudzitonthoza ndi zomwe mumaonera pa intaneti za maboti a kunyanja zamchere. Madzi athu alibe mchere, salandira mphamvu ya mphenzi msanga, choncho boti la pa nyanja ya Malawi kapena Malombe limafuna chimbale chokulirapo. Kuchepetsa n'kudzikumbira manda.

Chondinyansa kwambiri ndi matama. A zanyengo, amene likulu lawo lili mumzinda momwe muno, amalengeza pa wailesi za mvula yamabingu kuyambira Novembala mpaka Epulo. Inu mitambo yadetsa kale, mukuti tingozungulirako kamodzi. Kung'anime, bingu n'kumveka masekondi 30 asanakwane, mphenziyo ili mkati mwa makilomita 10, koma mwana wanu wagwirira waya wa mlongoti, wina miyendo ili m'madzi, inu muli kalikiliki kujambula pa foni.

Mukufuna timve kulira kwa amayi a ana amenewo kuti mukhulupirire? Konzani mlongotiwo, apo ayi botilo likhale kumtunda.